Msipu Woyamba

Chitenje ndinamuolotsa chilimwe chonse.
Dzinalo anamutcha ndi ana, poona mawanga ake
akuda ndi oyera, ngati nsalu yoyanika pampanda.

Mu Meyi, anzanga akutentha mapesi m'minda,
ine ndinkatuta, n'kusanja pathandala kuseri kwa khola.
Masangwi a mtedza ndinamanga m'mitolo.
Udzu wa mpunga ndinakapempha ku Lifuwu,
maulendo asanu ndi awiri panjinga yopanda mabuleki,
mpaka a Mwalabu anandifunsa
ngati ndayamba ganyu yofolera nyumba za anthu.

Okutobala atafika, dambo linang'ambika ming'alu
yoti phazi la mwana n'kulowa.
Ng'ombe za kwa a Malunga zinkayenda nthiti zili pamtunda,
zikunyambita dothi la pachulu.
Wanga ankadya.
M'mawa madeya ndi kamchere kapachikhatho,
masana zipatso za msangu
zomwe ndinkatola mbuzi za eni zisanatuluke.
Loweruka lililonse ndinkamupopera mankhwala,
kupinda khutu, kukweza mchira,
kusaka nkhupakupa monga mayi asakira nsabwe m'mutu mwa mwana.
Mkaka unatsika, malita asanu ndi atatu kufika anayi,
koma sunaphwe.

Kenaka chizimalupsa.
Usiku umodzi wokha, fungo la fumbi lonyowa,
ndipo patatha sabata lupsa lonse linamera ndevu zobiriwira.

Ine ndinali kumaliro ku Chipoka.
Lufeyo, mwana wa mlongo wanga,
anatsegula khola mame asanaume.
Akuti anamumvera chisoni:
miyezi isanu kudya zouma ngati mkaidi,
msipu uli apo, ukuoneka ndi maso.
Nanga mwana ungamukalipire chifukwa cha chifundo?

Pomwe ndinkafika, dzuwa lili paliwombo,
mimba yakumanzere inali itasanduka ng'oma.
Ndinaigogoda, inayankha.
Sankabzikula.
Ankangondiyang'ana, dovu lili chuchuchu,
mpweya ukutuluka modukizadukiza.
Ndinamumwetsa mafuta ophikira, botolo lonse,
lomwe mayi a kunyumba ankasungira Khirisimasi.
Ndinamukoka kuzungulira mtengo wa mango, katatu, kanayi.
Ndinaimbira a Chikuse, alangizi a ziweto;
anati njinga yamoto ilibe mafuta, akwera kabaza.
Anafika ndi chitsulo chawo chobowolera
ntchentche zitawatsogolera kale.

Ogula nyama a pa Kaphatenga satumiziridwa uthenga,
amanunkhiza.
Anatchula mtengo wa mbuzi ziwiri.
Ndinagwedeza mutu, sindikumbuka kuti kuvomera kapena kukana.

Njala ndinaitsekera pakhomo miyezi isanu,
ng'ombe yanga n'kufa ndi kukhuta.

Anasiya thole. Ana alitcha Chigamba.
Ndalilera ndi botolo la fanta ndi chala changa,
ndalimwetsa mankhwala a nyongolotsi kawiri,
masiku ake ndinalemba ndi khala pachitseko.

Mvula yagwanso sabata yatha.
Msangu wayamba kuvula masamba
monga uchitira mitengo ina ikamavala,
akakowa abwerera kudambo,
ndipo Chigamba akugunda mpiringidzo ndi mphumi,
mphuno italoza kobiriwira.
Ndamuikira udzu wa mpunga, wouma, wosakoma.
Yamba wadya uwu.
Akundiyang'ana ngati ndine mfiti.

Lufeyo waima potero ndi chingwe m'manja.
Watalika chaka chino, mawu ayamba kukula,
koma m'mawa uno sakuwagwiritsa ntchito.
Akuyang'ana mame pansonga za udzu,
kenaka dzuwa,
kenaka ine.

Tidikira mthunzi wa khola ubwerere mpaka pamwala uwo.
Ukafika, umutulutse.
Ola limodzi basi, chingwe usachitaye.
Akalira pobwerera, mleke alire.